Mpando wa M'mbali mwa Kanjira

Pafupifupi aliyense wokwera ndege koyamba amapempha mpando wa pazenera. Amafuna kuona mmene nyumba za ku Lumbadzi zimacheperachepera mpaka kusanduka timabokosi ta machesi, ndiponso kujambula mitambo kuti abale kumudzi akaone umboni wakuti mwana wawo adaulukadi. Palibe cholakwika m'chikhumbo chimenechi. Koma pali maulendo ena amene zenera limakhala lopanda ntchito, ndiwo maulendo amene munthu ayenera kutsika ndege imodzi n'kukakwera ina patangopita mphindi zowerengeka. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza mmene ndimasankhira mpando pa ulendo wotere, zifukwa zake, ndiponso chimene chidandichititsa kuti nkhani yooneka yaing'onoyi ndiziiganizira mofatsa.

Ife Amalawi kusintha ndege sitingakuthawe. Masiku ano palibe ndege yonyamula anthu imene imachoka ku Lilongwe kulunjika ku Ulaya, ku America kapena ku Asia osatera kwina. Wophunzira wopita ku Britain, wodwala wopita ku chipatala ku India ndi wamalonda wopita ku Guangzhou, onsewa amadzera pa mabwalo aakulu monga la Bole ku Addis Ababa, la Jomo Kenyatta ku Nairobi kapena la O.R. Tambo ku Johannesburg. Pa mabwalo oterewa ndege zambiri zimatera motsatizana nthawi imodzi, anthu n'kusinthana, kenako ndegezo n'kunyamukanso motsatizana. Vuto lathu ndi lakuti ndege zobwera kuno n'zochepa. Munthu wosiyidwa ndi ndege ya pakati pa London ndi Paris amangodikira pang'ono n'kukwera ina. Wosiyidwa ndi ya ku Lilongwe kawirikawiri amauzidwa kuti abwerenso mawa.

Nzeru yosankha mpando si yachilendo kwa ife. Aliyense amene adakwerapo minibasi amadziwa kuti wotsika pa siteji yapafupi sakhala kumbuyo kwenikweni. Akatero, pofika potsika anthu asanu ayenera kutuluka, mipando ipindidwe, thumba la chimanga lisunthidwe, kondakitala uku akung'ung'udza. Wochenjera amakhala pafupi ndi chitseko ngakhale pali pothina. Ndege ndi chimodzimodzi, kungoti anthu ndi mazana, chitseko chotulukira nthawi zambiri n'chimodzi, ndipo palibe wopinda mpando kuti mudutse.

Ine nzeru imeneyi idandigwirira ntchito mu Novembala 2023. Panthawiyo ndidali ku Britain komwe ndidapita kukaphunzira kwa teremu imodzi. Lolemba usiku amalume adandiimbira foni kuchokera kwathu ku Dowa, kufupi ndi Mponela, kundiuza kuti agogo aakazi amene adandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi atisiya. Mawa lake adaimbanso. “Mphwanga,” adatero, “amfumu avomera kuti tidikire mpaka Lachinayi. Adzukulu akumba m'mawa, ndipo tiika 3 koloko masana. Ukafika, wafika. Ukapanda kufika sitingawasungenso tsiku lina amayiwa, kunja kuno kukutentha ndipo anthu agona pasiwa masiku atatu.” Ndidawayankha kuti, “Ndamva amalume, ndiyesetsa.” Sindidawapemphe kuti aonjezere tsiku chifukwa ndidadziwa mtengo wa ufa ndi nkhuni zodyetsera khamu la pamaliro.

Anzanga adasonkha ndalama ndipo ndidagula tikiti yonyamuka ku London Lachitatu usiku, kudzera ku Addis Ababa, kukafika ku Lilongwe Lachinayi masana. Malinga ndi tikitiyo, pakati pa ndege ziwirizo padali maola 2 ndi mphindi 15. Koma Lachitatu masana padabwera uthenga pafoni wakuti chifukwa cha nyengo yoipa ndege yathu inyamuka mochedwa ndi ola limodzi. Mpata wanga udatsika kufika pa mphindi 75. Mpando umene kompyuta idandipatsa pogula tikiti udali pa mzere 36, pazenera. Ndidakhala pansi, ndidatenga pepala ndi cholembera, n'kuyamba kuwerengera.

Choyamba kudziwa n'chakuti nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene ndege ikunyamukira kapena kufikira. Mu Novembala wotchi ya ku Addis Ababa imatsogola ndi maola 3 poyerekeza ndi ya ku London, ndipo chaka chonse imatsogola ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kuno. Chachiwiri n'chakuti mphindi 75 sizidali zanga zonse. Makampani ambiri amatseka chipata chokwerera ndege kutatsala mphindi 15 kapena 20 kuti inyamuke. Nditachotsa 20 padatsala 55. Ndidaika mphindi 15 za kuchoka pa ndege kukafika m'nyumba ya bwalo, 20 za pamzere wa achitetezo amene amaunikanso katundu wa anthu osintha ndege, ndi 10 za kufunafuna chipata changa. Padatsala mphindi 10 zokha, ndipo ndidali ndisadawerengere nthawi yotulukira m'ndege momwemo.

Apa ndi pamene mpando umalowera m'nkhani. Ndege ikaima anthu amatuluka mzere ndi mzere kuyambira kutsogolo. Tiyerekeze kuti mzere uliwonse umatenga masekondi 25 kuti anthu ake aimirire, atsitse zikwama n'kuyamba kuyenda. Pakati pa mzere 12 ndi mzere 36 pali mizere 24, kutanthauza masekondi 600, omwe ndi mphindi 10. Choncho kukhala pa mzere 36 kudali kudya mphindi zonse zimene zidanditsalira. Pa zinthu zonse za pa pepala langa, ichi chokha ndicho chidali m'manja mwanga. Nyengo, kutalika kwa mzere wa achitetezo ndi malo oimikapo ndege zidali m'manja mwa ena.

N'zochititsa chidwi kuti chimene chimachedwetsa anthu potuluka si kuchepa kwa chitseko ayi. Ndege yaikulu isadaloledwe kunyamula anthu, oipanga amayenera kuonetsa kuti onse okwera angathe kutuluka m'masekondi 90 pogwiritsa ntchito theka chabe la zitseko zake. Mu 2006, poyesa ndege ya Airbus A380 ku Hamburg, anthu 873 adatuluka m'masekondi 78. Anthu amenewa sadanyamule kanthu. Tsiku wamba munthu amaimirira, amatambasula msana, amavala jekete, amatsitsa chikwama cholemera chimene chakakamira m'kabati ya pamwamba, kenako amakumbukira kuti wasiya foni m'thumba la mpando. Onse a kumbuyo kwake amangoyang'ana. Katundu ndiye amatseka njira, ndipo chifukwa cha ichi kusankha mpando ndi kulongedza chikwama n'zinthu zoyendera limodzi.

Ndidatsegula mapu a mipando pa intaneti ndili ndi mfundo zitatu m'mutu. Yoyamba idali kukhala kutsogolo monga momwe thumba langa likadalolera, ndiye kuti mizere yoyambirira kuseri kwa business class. Yachiwiri idali kukhala m'mbali mwa kanjira, chifukwa wa pazenera sangatuluke mpaka anzake awiri atanyamuka, ndipo mmodzi wa iwo akhoza kukhala munthu wosathamangira kulikonse. Yachitatu idali kukhala kumanzere. Anthu amakwera ndi kutsika ndege kudzera zitseko za kumanzere, pamene za kumanja zimasiyidwira okweza chakudya ndi ena ogwira ntchito. M'ndege yaikulu ya tinjira tiwiri, monga Boeing 787, anthu a kanjira ka kumanja amayenera kudutsa pakhitchini kuti akafike pa chitseko, ndipo pamenepo amakumana ndi mzere wa anzawo a kumanzere umene ukuyenda kale. M'ndege yotere, imene mipando yake imakhala itatuitatu m'magulu atatu, mipando yogundana ndi kanjira ka kumanzere ndi C ndi D. Mwamwayi zilembo zomwezi ndizo za m'mbali mwa kanjira m'ndege yaing'ono ya kanjira kamodzi monga Boeing 737.

Pali mipando iwiri imene imanyenga munthu wofulumira. Woyamba ndi wa pa mzere woyang'anizana ndi khoma logawa zipinda. Uli kutsogolo ndithu ndipo miyendo imatambasuka, koma popeza palibe mpando patsogolo pake, chikwama chonse chiyenera kukwezedwa m'kabati ndege ikamanyamuka ndi ikamatera. Kabati ya pamenepo ikapezeka yodzaza, chikwama chimapita mizere ingapo kumbuyo, ndipo kubwerera kukachitenga anthu onse akulowera kutsogolo n'kosatheka mpaka njira itapepuka. Wachiwiri ndi wa pa chitseko chothawira ngozi. Makampani ambiri salola katundu pansi pamenepo, ndipo chitsekocho sichikhala chotulukira masiku onse. Ine ndidasankha 12C, mzere wachiwiri kuchokera pa khomalo. Mpandowu udali wolipira padera. Ndalama zake zikadandikwanira chakudya cha masiku atatu, koma ndidalipira osawiringula.

Katundu ndidanyamula kachikwama kamodzi kokwana pansi pa mpando wa kutsogolo. Mudali zovala ziwiri zosinthira, pasipoti, ndi chitenje chimene ndidagulira agogo ndili ndi chiyembekezo chodzawapatsa pa Khirisimasi. Sindidapereke sutikesi yoti ikwezedwe kumunsi kwa ndege, pakuti pa mpata wochepa munthu akhoza kuthamanga n'kufika koma sutikesi yake n'kutsala. Sindidatenge botolo lililonse loposa mamililita 100, malire amene mabwalo a ndege adayamba kutsata mu 2006 pa zinthu zamadzimadzi. Ndidavala nsapato zosavuta kuvula ndipo lamba ndidamuika m'chikwama. Ndidaonetsetsanso kuti ziphaso zokwerera ndege zonse ziwiri ndazilandirira ku London komweko, kuti ndisakaimenso pa kauntala ku Addis Ababa.

Wina akhoza kufunsa kuti kuvutika konseku n'kwachiyani popeza tikiti idali imodzi. N'zoona kuti ulendo wonse ukagulidwa pa tikiti imodzi, munthu wosiyidwa chifukwa cha kuchedwa kwa ndege yoyamba amakwezedwa ina osalipiranso. Bwalo lililonse lalikulu lilinso ndi nthawi yochepetsetsa yosinthira ndege, ndipo makampani sagulitsa tikiti imodzi ya mpata wochepera pamenepo. Wogula matikiti awiri osiyana pofuna kutchipa alibe chitetezo chimenechi, ndipo akasiyidwa amagula ina ndi ndalama zake. Koma chitetezo chonsechi chimateteza thumba basi. Kampani ikadandipatsa chipinda chogona ndi tikiti ya Lachisanu, ndipo ine ndikadakafika pa mtumbira wa dothi lofiira anthu atabalalika kale.

Yesero lidabwera titangokwera. Pafupi nane, pa 12B, padakhala mayi wina wachikulire wa ku Ethiopia. Posakhalitsa padafika mwamuna wake, bambo waimvi, amene adandipempha mwaulemu m'Chingerezi kuti tisinthane mipando. Adati mkazi wawo amaopa ndege ndipo iwo apatsidwa mpando wa kutali, pa mzere 33. Kwathu mwana sakaniza mkulu pokhala. Ndidakula ndikuona agogo akutinyamutsa pa mkeka mlendo akafika, ndipo m'minibasi mpaka lero ndimasuntha ndisadauzidwe. Pakamwa panga padali patayamba kale kunena kuti inde. Koma ndidaona pepala langa la masamu lija m'maganizo, ndipo ndidawauza zoona zake: ndikuthamangira maliro a munthu amene adandilera, ndili ndi mphindi 75, ndipo mpando uwu ndaugula chifukwa cha zimenezo.

Bambowo adagwira pachifuwa n'kupepesa, nayamba kubwerera. Pamenepo ndidazindikira kuti ine mpandowo ndimaufuna pa ola lomaliza lokha, pamene iwo amaufuna usiku wonse. Tidaitana mmodzi wa ogwira ntchito m'ndegemo n'kumufunsa ngati tingasinthane ndege ikakwera m'mwamba, n'kudzabwererana isadayambe kutsika. Kufunsa n'kofunika chifukwa iwo ali ndi ndandanda ya amene wakhala pa mpando uliwonse. Adavomera, natichenjeza kuti tidzabwererane ngolo za chakudya cham'mawa zisadatseke njira. Mayiwo adapirira okha ponyamuka, ndipo chizindikiro cha malamba chitazima ine ndidatenga kachikwama kanga kupita pa mzere 33. Ulendowu ndi wa maola oposa 7, koma sindidagone. Ndinkayang'ana mapu a pa kanema akusonyeza ndege ikudutsa nyanja ya Mediterranean, uku ndikudzifunsa mmene ndikadzutsire munthu wamkulu ngati ndikampeze ali m'tulo. Sizidafike pamenepo. Kusadache bambowo adabwera okha, nandigwira paphewa.

Titatera, ndege idaima kutali ndi nyumba ya bwalo, ndipo tidatsika pa masitepe kukakwera mabasi. Ena amati zikatere mpando wa kutsogolo ulibe phindu popeza basi imadikira kuti idzaze. Ine ndidaona kuti phindu lilipo ndithu. Anthu a ndege yaikulu sakwana m'basi imodzi, ndipo wa kutsogolo amakwera yoyamba imene imanyamuka anzake akadali pa masitepe. Chofunika kukumbukira n'chakuti m'basi lamulo limatembenuka: wolowa koyamba n'kupita mkati ndiye amatsika pomaliza. Ndidaima pambali pa chitseko chenipeni n'kulola ena kundidutsa. Pa mabwalo ena amatsegulanso chitseko cha kumbuyo kwa ndege, ndipo pamenepo ovutika amakhala a pakati. Izi munthu sangazidziwiretu, n'chifukwa chake kutsogolo kumakhalabe kodalirika.

M'nyumbamo ndidatsatira zikwangwani za anthu osintha ndege, ndipo ndidaima kaye masekondi angapo pa kanema kuti ndione nambala ya chipata, chifukwa imatha kusintha munthu ali m'mwamba. Pa mzere wa achitetezo ndidapeza anthu ochepa. Nditacheuka nditadutsa, mzerewo udali utakula kawiri ndi anthu a basi yachiwiri ndi a ndege zina. Apa ndidaona kuti mphindi 10 za pa mpando zimabereka zina, pakuti wofika msanga amapeza mzere waufupi. Ndidayesa kuthamanga koma mpweya udandithera msanga. Bwalo la Bole lili pamalo okwera mamita oposa 2,300, kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo munthu wochokera ku London, kumene kuli pafupifupi mulingo wa nyanja, amamva mtima kugunda m'makutu. Ndidayenda ndawala m'malo mothamanga. Ndidafika pa chipata anthu atayamba kale kulowa.

Kutatsala pang'ono kuti atseke, padatulukira mayi wina wa Chimalawi amene usiku ndidamuona pa mzere wa kumbuyo kwanga. Adali wefuwefu, nsapato zili m'manja, chikwama chikukokeka ndi tayala limodzi. Ndidamupatsa moni: “Mwafika mayi?” Adayankha kuti, “Mwanangu, n'chisomo chokha.” Iyenso adakwera. Ndiye kodi ndalama zanga zidapita pachabe? Sindikuganiza choncho. Mayiyo adalowa pa mphindi yomaliza, ndipo pakadakhala munthu mmodzi wochedwetsa mzere patsogolo pake bwenzi atagona ku Addis Ababa. Mpando sutsimikizira munthu kuti akwera. Umangomuonjezera mpata woti chinthu chimodzi kapena ziwiri zisokonekere iye n'kufikabe. Pa ulendo wokaona nyanja mpata umenewo sindingaulipire. Pa ulendo wa tsiku limenelo udali wotchipa.

Tidatera pa bwalo la Kamuzu masana. Msuweni wanga adali akudikira ndi galimoto yobwereka, ndipo tidakwera msewu wa M1 kulowera ku Mponela. Tidafika mwambo wa pakhomo ukutha, bokosi lisadatsekedwe. Amalume atandiona adangoti, “Wabwera mphwanga, lowa ukawaone.” Ndidaona nkhope ya agogo, ndipo azakhali adayala chitenje chija pamwamba pa bokosi tisadanyamuke kupita kumanda.

Kuchokera pamenepo ndimayang'ana anthu a m'ndege ndi diso lina. Kale ndinkaseka anthu amene amadzambatuka ndege ikangoima ngati pansi pali moto. Ena a iwo ndi osapirira chabe, koma pakati pawo pali wothamangira mayeso, wothamangira wodwala, wothamangira maliro, ndipo pankhope sizilembedwa. Nthawi zina ogwira ntchito m'ndege amapempha kuti amene afika kwawo akhale kaye pansi kuti osintha ndege atuluke. Pempholi limagwira ntchito pokhapokha aliyense atalimvera, chifukwa munthu mmodzi woima pakanjira ndi chikwama chake amatsekereza onse a kumbuyo kwake. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho kwa mnzanga amene ali ndi ulendo wa mpata wochepa, malangizo anga ndi awa: werengerani nthawi kuyambira pa kutsekedwa kwa chipata, sankhani mpando msanga check-in ikangotsegulidwa, khalani kutsogolo, kumanzere, m'mbali mwa kanjira, nyamulani kachikwama kolowa pansi pa mpando, ndipo auzeni ogwira ntchito m'ndege za vuto lanu ndege isadayambe kutsika. Safunsa adadya phula. Ndipo tsiku limene simukuthamangira kanthu, tengani mpando wa pazenera kumbuyo, onerani mitambo ndi nyanja, ndege ikaima khalani pansi mpaka njira ipepuke. Mukatero, mpando wa kutsogolo mwausiyira munthu amene mphindi 10 zikumuvuta tsiku limenelo.